Munthu Amene Mumamukonda Akayamba Kuopa Chakudya

M'mwezi wa Novembala 1944, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, anyamata 36 anafika pa yunivesite ya Minnesota ku America n'kudzipereka kuti awakhalitse ndi njala. Anali anthu okana kugwira mfuti chifukwa cha chikumbumtima chawo, ndipo anasankhidwa poona kuti anali athanzi m'thupi ndi m'maganizo momwe. Katswiri wina, Ancel Keys, ankafuna kudziwa mmene angadzathandizire anthu a ku Ulaya amene nkhondo inawasiya ali mafupa okhaokha. Kwa milungu 24 anyamatawo ankalandira pafupifupi theka la chakudya chimene anazolowera, makamaka mbatatesi, buledi ndi makaroni, uku akuyenda makilomita 35 mlungu uliwonse. Pomatha milunguyo, aliyense anali atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake.

Kuonda kwawo sikunadabwitse munthu. Chodabwitsa chinali mmene mitu yawo inasinthira. Anyamata amene ankakonda kukamba za ndale ndi za atsikana anayamba kukamba za chakudya chokhachokha. Ena anayamba kutolera mabuku a kaphikidwe n'kumawawerenga usiku. Ena ankaduladula chakudya timapisi ting'onoting'ono n'kumachiseweretsa m'mbale mpaka maola awiri. Ankamva kuzizira ngakhale kunja kukutentha, ankapsa mtima ndi zinthu zosadziwika bwino, anasiya kuseka, ndipo ambiri ankafuna kukhala paokha. Ena anafika poona anthu athanzi ngati onenepa kwambiri. Nthawi yowabwezera chakudya itakwana, ena ankadya osadziwa polekezera, ndipo mmodzi anadzidula zala zitatu ndi nkhwangwa.

Aliyense amene ali ndi mwana, mlongo, mkazi, mwamuna kapena bwenzi lodwala matenda okhudza kadyedwe ayenera kuidziwa nkhani ya anyamatawa. Iwo analibe vuto lililonse poyamba. Njala yokha ndi imene inawasandutsa anthu aukali, amakani, odzipatula ndi oganiza za chakudya usana ndi usiku. Choncho zambiri zimene mumaona pa wodwala wanu n'kumati ndi mwano, matama kapena kusamva, gwero lake ndi ubongo umene ukusowa chakudya. Ubongo wotere simungaugonjetse ndi mfundo, kaya zikhale zomveka chotani. Umayamba wadya, kumva kumabwera pambuyo.

Matenda akale, ndipo si a Azungu okha

Mu 1689 dokotala wina wa ku London, Richard Morton, analemba za mtsikana wa zaka 18 ndi mnyamata wa zaka 16 amene ankangotha thupi popanda chifuwa kapena kutentha thupi. Dzina lakuti anorexia nervosa analipereka ndi William Gull mu 1873, chaka chomwecho chimene Charles Lasègue anafotokoza za matendawa ku Paris. Wodwala anorexia amadzimana chakudya mpaka kuonda koopsa, ndipo kawirikawiri amaopa kunenepa ngakhale nthiti zikuwerengeka. Bulimia nervosa inafotokozedwa ndi Gerald Russell mu 1979: munthu amadya chakudya chochuluka nthawi imodzi, akumva kuti sangathe kusiya, kenako amadzisanzitsa, amamwa mankhwala otsegula m'mimba kapena amathamanga mpaka kufooka kuti afafanize zimene wadyazo. Palinso matenda a kudya kosadziletsa popanda kudzisanzitsa, amene madokotala a zamaganizo a ku America anawalandira ngati matenda apaokha mu 2013. Odwala bulimia ambiri thupi lawo limaoneka bwinobwino, n'chifukwa chake amatha zaka munthu wina osadziwa. John Prescott, amene anali wachiwiri kwa nduna yaikulu ya Britain, anaulula mu 2008 kuti anavutika ndi bulimia kwa zaka zambiri, ali bambo wamkulu, wathupi, wotchuka.

Ambiri mwa ife timaganiza kuti awa ndi matenda a kunja, a anthu okhuta. Anthu a ku Fiji nawonso akanatha kuganiza choncho. Kumeneko thupi lodzadza linkayamikiridwa, ndipo munthu akayamba kuonda abale ankada nkhawa. Wailesi yakanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995, ndipo Anne Becker wa ku Harvard atafunsa atsikana a kusekondale chaka chimenecho sanapeze ngakhale mmodzi wodzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Atafunsanso mu 1998 anapeza atsikana 11 pa 100 aliwonse akuchita zimenezo. Zaka zitatu zokha. Lero mwana wa ku Ndirande kapena ku Chipata amaona zithunzi zambiri pa foni tsiku limodzi kuposa zimene atsikana a ku Nadroga ankaona pa kanema.

Ku Africa kuno matendawa analembedwa kale. Mu 1984 madokotala awiri, Buchan ndi Gregory, anafotokoza za mayi wachikuda wa ku Zimbabwe wodwala anorexia. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2004 anayeza atsikana 668 a kusekondale ku Ghana, n'kupeza 10 oonda kwambiri popanda chifukwa china kupatula kudzimana chakudya. Chofunika kuchidziwa n'chakuti atsikanawo sankanena zoopa kunenepa. Ankafotokoza kudzimanako ngati kudziletsa ndi kupembedza. Ndiye musadikire kumva mwana akuti "ndanenepa" kuti muyambe kukayikira. Wina matenda ake amabisala m'kusala kudya kosatha, wina m'kudandaula kuti m'mimba mwadzadza, wina m'masewera olimbitsa thupi.

Kwathu kuno palinso chophimba china. Munthu akayamba kuonda, anthu amayamba kunong'ona za kaliwondewonde, ena za kanyera kapena tsempho, ena zoti walodzedwa. Banja limatha miyezi likuzungulira kwa asing'anga ndi m'mapemphero a usiku, thupi la mwana likutha. Ndipo m'dziko limene anthu amaidziwa njala yeniyeni, kukana chakudya kumamveka ngati chipongwe. "Anzako akugona ndi njala, iwe ukukana nsima?" Mawu amenewa amachokera mumtima wosweka. Mayi amene wapalasa moto, wasinja nsinjiro, wakonza ndiwo zimene mwana wake ankazikonda, akaona mbale ikubwerera yosakhudzidwa amamva ngati wakanidwa ndi iyeyo. Koma wodwalayo amawadziwa kale mawuwo, amadzinena nawo yekha usiku uliwonse, ndipo manyazi amene amabwera nawo amangowonjezera kubisa.

Makolo ambiri amadzifunsa kuti analakwitsa pati. Kwa zaka zambiri madokotala enieniwo ankaloza chala amayi, ndipo Gull ankaona kuti achibale ndiwo osayenera kusamalira wodwala wotere. Maganizo amenewo anatha mphamvu. Kafukufuku wa ana amapasa amasonyeza kuti pafupifupi theka la chiopsezo cha anorexia ndi chobadwa nacho, ndipo kafukufuku wamkulu wa mu 2019, wa odwala pafupifupi 17,000, anapeza malo asanu ndi atatu m'chibadwa cha munthu okhudzana ndi matendawa, ena mwa iwo ogwirizana ndi mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga ndi mafuta. Kusekedwa kusukulu, maliro, kugwiriridwa, mantha a mayeso kapena kungoyamba kuchepetsa chakudya pang'ono kungathe kuyambitsa, koma palibe kholo limene limabweretsa matendawa lokha. Mu 2010 bungwe la akatswiri la Academy for Eating Disorders linalengeza kuti likutsutsa chiphunzitso chilichonse chonena kuti banja ndilo gwero lenileni la matendawa.

Kuyamba nkhani, ndi kupita kuchipatala

Nkhaniyi musaiyambire pa chakudya, mbale zili pakati. Musaiyambirenso pamaso pa alendo kapena pamsonkhano wa banja lonse. Pezani nthawi imene muli awiri, mwina mukutola nyemba kapena mukuchokera kumsika, ndipo nenani zimene mwaona ndi maso anu popanda kuweruza. Mayi angathe kunena kuti, "Mwanangu, ndaona kuti masiku ano ukumati wadya kale kwa anzako, komanso ukumavala juzi dzuwa lili phwee. Sindikukukalipira. Ndili ndi nkhawa, ndipo ndikufuna tikaonane ndi adokotala." Yembekezerani kukana. Angathe kukwiya, kulira kapena kuseka n'kunena kuti, "Amayi, inunso, ndili bwinobwino ine." Nthawi zambiri sakunama mwadala, chifukwa anorexia imachititsa munthu kusaona kukula kwa vuto lake. Musalimbane naye kuti avomere. Ngati ndi mwana wanu wosafika zaka 18, simufunika chilolezo chake kuti mupite naye kuchipatala. Muuzeni tsiku, ndipo tsikulo likafika nyamukani.

Kuchipatala n'koyenera kuti ayezedwe HIV, chifuwa chachikulu, shuga, chithokomiro ndi matenda a m'mimba, chifukwa onsewa amaondetsa. Koma zonse zikapezeka kuti zili bwino, musabwerere kunyumba ndi mavitamini ndi mankhwala obweretsa chilakolako cha chakudya basi. Vuto la wodwalayu si kusamva njala. Fotokozani zimene mumaona kunyumba, chifukwa iye sazinena: chakudya chokulungidwa m'pepala pansi pa matiresi, kuthamangira kuchimbudzi akangotha kudya, msambo umene unasiya, tsitsi lothothoka, cheya chofewa chimene chamera pankhope ndi kumsana, masaya otupa m'munsi mwa makutu, zipsera pa mfundo za zala zimene mano amasiya munthu akamadzisanzitsa. Pemphani kuti amuyeze kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi atagona ndi ataimirira, komanso mchere wa m'magazi, makamaka potassium. Kenako pemphani kuonana ndi a zamaganizo. M'zipatala za maboma ku Malawi mumapezeka anamwino kapena madokotala a matenda a maganizo, ndipo thandizo lokulirapo lili ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Zambia kuli Chainama Hills ku Lusaka.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche. Akakomoka, akamamva kupweteka pachifuwa kapena mtima ukudumphadumpha, mtima ukamagunda kosakwana ka 40 pa mphindi, akamalephera kudzuka pamene wanjuta popanda kugwira pansi, akasanza magazi, akakana ngakhale madzi, kapena akayamba kulankhula zofuna kufa, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Wodwala shuga amene akudumphitsa dala jakisoni wa insulin kuti aonde alinso pangozi yomweyo. Woimba wa ku America, Karen Carpenter, anamwalira pa 4 Febuluwale 1983 ali ndi zaka 32, mtima utalephera chifukwa cha anorexia. Akatswiri ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 2011 anapeza kuti odwala anorexia amamwalira kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo, ndipo imfa imodzi mwa zisanu inali yodzipha. Kumufunsa munthu mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo. Mufunseni.

Chenjezo lina ndi la munthu amene watha masiku ambiri osadya kapena waonda kwambiri. Ameneyu musamuyambitse chakudya chambiri kunyumba. Thupi likalandira chakudya mwadzidzidzi, mchere wa phosphate umatsika m'magazi, ndipo mtima ungathe kuima m'masiku oyambirirawo. Kuyambanso kudya kwa wodwala wotere kuchitike achipatala akuyang'anira.

Pa mbale

Ntchito yaikulu ya banja ili pamkeka kapena patebulo, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi tsiku lililonse, kwa miyezi. Njira imeneyi inayambira pa chipatala cha Maudsley ku London, kumene Christopher Dare, Ivan Eisler ndi anzawo anaona mmene anamwino odekha koma osagonja ankathandizira odwala kudya, n'kudzifunsa ngati makolo sangachite zomwezo kunyumba. Kafukufuku wawo wa mu 1987 anasonyeza kuti odwala amene matenda anawayamba asanafike zaka 19, ndipo anali asanathe nawo zaka zitatu, ankachira bwino banja likalowa nawo m'chithandizo kusiyana ndi kuonana ndi mlangizi paokha. James Lock ndi Daniel Le Grange anailemba njirayi m'buku mu 2001, ndipo lero m'mayiko ambiri ndiyo imayamba kuyesedwa kwa ana ndi achinyamata odwala anorexia. Kwa ife phindu lake n'loonekeratu. Akatswiri a matendawa ndi ochepa, koma mayi, bambo, azakhali ndi agogo alipo.

Poyamba makolo amatenga udindo wonse wa chakudya. Ndiwo amasankha chophika, ndiwo amapakula, ndiwo amadziwa kuti zakwana. Wodwala asalowe kukhitchini kukayeza mafuta kapena kukachotsa nsinjiro m'masamba. Chakudya chikhale kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero, ndi kena kotolatola katatu pakati pake. Sipafunika zogula zodula. Phala lothira chiponde ndi mkaka, futali, nyemba zamafuta, mazira, usipa, mapeyala ndi thobwa zimagwira ntchito. Mwana wakhanda akadwala malungo, mayi sakambirana naye ngati amwe mankhwala kapena ayi. Amadziwa kuti ndi owawa, amamumvera chisoni, amamufungatira, koma mankhwalawo amamwetsa ndithu. Mtima womwewo ndi umene ukufunika pano.

Zimene zimachitika pambale n'zopweteka kuziona. Mtanda umodzi wa nsima uli patsogolo pake. Akutema kambamu kochepa ngati nyemba, akukakanda m'manja mpaka kuzizira, akukagunditsa pa msuzi n'kukabwezera m'mphepete mwa mbale. Mwendo ukunjenjemera pansi pa tebulo. Akuti nsima yalimba, kenako akuti ndiwo zachuluka mafuta, kenako akulonjeza kuti mawa adya zonse mukamulola lero. Mukacheuka pang'ono, nyama yapita kwa galu kapena m'thumba la siketi. Munthu ameneyu ali ndi mantha enieni, ofanana ndi a munthu amene akuuzidwa kuti achite chinthu choti chimupha. M'mutu mwake muli mawu amene akumutukwana pa mbamu iliyonse.

Khalani pafupi naye, nanunso mukudya. Mawu akhale ochepa, otsika, obwerezabwereza. "Ndikudziwa kuti zikukuvuta. Ndili pompano. Tema ina." Akakufunsani ngati chakudyacho chimunenepetse, musayambe kuwerengera naye, chifukwa mkangano umenewo matenda ndiwo amapambana nthawi zonse. Yankhani kuti, "Ichi ndi chimene thupi lako likufuna, ndipo ine ndi adokotala tikuyang'anira." Kambani zina, tsegulani wailesi, sewerani bawo mbale ili pomwepo. Musamunyengerere ndi ndalama, musamuopseze, musamumenye, ndipo musamuthire chakudya m'kamwa mokakamiza. Akakutukwanani, ndipo ana ofatsa kwambiri amatukwana pa nthawi imeneyi, kumbukirani anyamata a ku Minnesota aja. A ku Maudsley amaphunzitsa makolo kusiyanitsa mwana ndi matenda ake, ngakhale m'kalankhulidwe: "Matendawa ndi amene akukuletsa, ndipo ine sindiwasiya akulande." Mwana akamva choncho amadziwa kuti mkwiyo wanu suli pa iye.

Akatha kudya, ntchito sinathe. Ola lotsatira ndi limene mantha amakula, ndipo ndi pamene amafuna kukasanza kapena kukadumphadumpha kuchipinda. Apite kuchimbudzi asanadye, ndipo akatha mukhale naye, mukusoka, mukuonera kanema kapena mukungocheza pakhonde. Sikelo ichoke m'nyumba, kuyeza kuzichitikira kuchipatala. Mankhwala otsegula m'mimba ndi tiyi wochepetsa thupi zichokenso. Mankhwala otsegula m'mimba sachotsa kwenikweni mphamvu ya chakudya chimene munthu wadya, amachotsa makamaka madzi ndi mchere umene mtima umadalira.

Akuluakulu a pakhomo alankhule chimodzi. Bambo akamati adye zonse, mayi n'kumachotsako theka mwakabisira chifukwa cha chisoni, matenda amadutsira pampata womwewo. Kambiranani kuseri, osati pamaso pake. Abale ake musawasandutse apolisi. Ntchito yawo ndi kukhalabe achemwali ndi achimwene, kuseka naye ndi kumukumbutsa zinthu zimene ankakonda. Alendo achenjezeni asanalowe. Kwathu kuno kuuza munthu kuti wanenepa ndi kumuyamikira, koma azakhali akangofika n'kunena mosangalala kuti "Eee, koma ndiye wabwerera thupi!", wodwalayo angathe kukana chakudya mlungu wathunthu. Za thupi lake, la inu eni kapena la munthu wina aliyense zisakambidwe pakhomopo. Ofuna kumuyamikira anene kuti anamusowa ndipo akondwa kumuona.

Pali zosankha zina zowawa. Mwana amene ali kusukulu yogonera konko sangayang'aniridwe pa chakudya chilichonse, ndipo nthawi zambiri ayenera kubwerera kunyumba, ngakhale mayeso a Fomu 4 ali pafupi. Ine ndikuona kuti apa makolo asazengereze. Mayeso amalembedwanso chaka chamawa, pamene mafupa amene amalephera kukhwima pa msinkhu umenewu sabwerera onse. Masewera othamanga ayambe aima mpaka adokotala atavomereza. Za kusala kudya, pitani kwa abusa, ansembe kapena ashehe mukawafotokozere, kuti iwo eni amuuze wodwalayo kuti sakuyenera kusala. Chisilamu chimamasula odwala pa Ramadan, ndipo Akatolika nawonso sakakamiza odwala kusala. Pemphero lipitirire, koma liziyendera limodzi ndi chakudya ndi chipatala.

Thupi likabwerera ndipo mkangano wa pambale ukachepa, udindo umabwezedwa kwa mwana pang'onopang'ono: ayambe kudzipakulira inu mukuona, kenako adye nkhomaliro kusukulu, kenako kwa anzake. Kufulumira kumasula ndi kumene kumabwezera mabanja ambiri m'mbuyo, chifukwa thupi limachira msanga kuposa maganizo.

Akakhala wamkulu

Mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mnzanu wa kuntchito simungamupakulire ngati mwana. Apa mphamvu yanu ili pa kukhalapo ndi kufunsa. "Kodi ndingakuthandizeni bwanji pa nthawi ya chakudya? Ndikhale nanu, kapena ndikupatseni mpata?" Dziperekeni kumuperekeza kuchipatala, ndipo akakana lero mudzafunsenso. Musalonjeze kusunga chinsinsi chimene chingamuphe. Muuzeni poyera kuti moyo wake ukakhala pangozi mudzauza achipatala.

Kwa odwala bulimia ndi kudya kosadziletsa, mdani wamkulu ndi manyazi. Mukapeza kuti buledi yense ndi mkute wa dzulo zatha usiku, kufunsa mokweza kuti wadya ndani kumangomukankhira kubisala kwambiri. Dziwaninso kuti kudya kosadziletsako kawirikawiri kumabwera chifukwa chodzimana. Munthu amakhala tsiku lonse ndi tiyi yekha pofuna kulipira za dzulo, madzulo njala n'kumugonjetsa, mawa n'kuyambiranso. N'chifukwa chake chithandizo cha CBT-E, chimene Christopher Fairburn anakonza ku Oxford, chimayamba ndi kudya pa nthawi zoikika, osalola maola oposa anayi kudutsa masana popanda kanthu m'kamwa. Inu mungathandize pongodya naye kadzutsa tsiku lililonse. Kumulangiza kuti achepetse kudya kapena kumukiyira chakudya m'kabati kumakulitsa vuto. Madokotala nthawi zina amaperekanso mankhwala a fluoxetine kwa odwala bulimia. Ndipo kanthu kena kakang'ono koteteza mano: akasanza asatsuke m'kamwa ndi mswachi nthawi yomweyo, chifukwa asidi wa m'mimba amakhala atafewetsa mano. Achukuche ndi madzi, mswachi udikire ola limodzi.

Inuyo amene mukusamalira

Janet Treasure, katswiri wa ku King's College London amene wagwira ntchito ndi mabanja kwa zaka zambiri, amafotokoza makhalidwe a osamalira odwala pogwiritsa ntchito nyama. Pali kangaroo, amene amamuika wodwala m'thumba n'kumamuchitira chilichonse, kuphika zokhazo zimene matenda akulola, kuyenda mtunda kukafuna chipatso chimodzi chimene wavomera kudya. Pali chipembere, chimene chimagunda ndi mfundo ndi ukali mpaka wodwala atalimbitsa khosi. Pali nthiwatiwa, imene imachedwa dala kuntchito kuti isaone zimene zikuchitika kunyumba. Onsewa amachita zimenezi chifukwa cha chikondi ndi mantha, ndipo munthu mmodzi amatha kukhala zonsezi pa mlungu umodzi. Zimene Treasure amalimbikitsa ndi kuyenda pambali pa wodwala, kumuwongolera modekha, mtima uli m'malo.

Kudekha kotere sikutheka kwa munthu amene sagona, sadya ndipo alibe womuuza zakukhosi. Gawanani nthawi za chakudya, wina kadzutsa, wina mgonero. Pezani munthu mmodzi kapena awiri osunga pakamwa oti muziwauza zoona. Ana ena a pakhomo apatseni nthawi yawoyawo, chifukwa amaona zonse ndipo ambiri amangokhala chete poopa kuwonjezera mavuto. Tsiku limene mwapsa mtima n'kulankhula mawu oipa, pepesani mwachidule, ndipo chakudya chotsatira chibwere pa nthawi yake. Inunso mukayamba kusowa tulo, kulira kosaleka kapena kutaya mtima, kaonaneni ndi achipatala pa za inu nokha.

Kuchira kumatenga nthawi, koma kumachitika kwa ambiri. Madokotala a pa Massachusetts General Hospital ku Boston anatsatira amayi odwala matendawa kwa zaka 22, n'kutulutsa zotsatira mu 2017. Patatha zaka 9, odwala anorexia amene anali atachira anali 31 pa 100 aliwonse. Pofika zaka 22 anali 63 pa 100 aliwonse, ndipo a bulimia anali 68. Tanthauzo lake n'lakuti ambiri amene ankaoneka ngati sadzachira anadzachira pambuyo pake. Amene apeza thandizo m'zaka zitatu zoyambirira mwayi wawo umakhala waukulu koposa, n'chifukwa chake kudikira kuti mwina zisiya zokha kumawononga.

Matenda amakonda kubwerera m'chaka choyamba munthu atapeza bwino, komanso pa nthawi za kusintha: popita kukoleji, poyandikira ukwati pamene telala wayamba kuyeza diresi, pa mimba ndi pambuyo pobereka, pa maliro, kapena akadwala malungo n'kutsika thupi mosafuna. Mukadali pa mtendere, khalani pansi ndi wodwalayo mulembe zizindikiro zake zoyambirira, monga kudumpha kadzutsa, kuyambanso kudya payekha kapena kusiya mafuta, ndipo mugwirizane amene adzauzidwe ndi chipatala chimene mudzapiteko zikadzaoneka. Pepalalo lisungidwe m'buku lake la kuchipatala, kuti dokotala aliyense amene adzamuone, ngakhale pa matenda ena, adziwe mbiri imeneyi asanamulangize za kuchepetsa thupi.